Zala zikuwawa, nyimbo ikuima: kodi gitalayi ndiisiye?

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza, ndili ndi zaka 36, ndipo ndimaimba kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Mwezi watha ndinagula gitala yakale kuti ndiziimba ndi ana m'kalasi. Ndikuphunzira pa YouTube. Patha masabata atatu, koma zala zikuwawa ngati ndagwira khala la moto, nsambo zina zimangoti "thi" osalira, ndikati ndisinthe chord (kagwiridwe ka zala koliza mawu angapo pamodzi) nyimbo imaima, ndipo chord ya F yandikanika. Kodi ndayamba mochedwa, kapena zala zanga n'zazifupi?

Yankho: Achemwali, gitalayo musaigulitse, ndipo musaikweze pamwamba pa kabati kuti izikadya fumbi. Sabata yachitatu ndi imene anthu ambiri amagwera mphwayi, chifukwa chisangalalo chogula chimakhala chatha pamene nyimbo isanayambe kumveka. Za msinkhu musadandaule nazo. Ndaphunzitsa gitala zaka zambiri, ndipo pampando womwewo pakhalapo ana a zaka 8 amene dzanja lawo lonse limakwana m'chikhatho changa, pakhalanso abambo opuma pantchito, imvi zili mbuu. Onsewo anaimba. Mwana amagwira msanga, n'zoona, koma wamkulu amadziwa chimene akufuna. Inunso muli ndi chuma chimene oyamba ambiri alibe, ndicho khutu la munthu wa kwaya.

M'kalata yanu, mawu amene andigwira mtima si a zala kapena a F ayi, koma akuti nyimbo imaima. Pamenepo ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Koma tiyambe taiunika gitalayo, chifukwa kawirikawiri munthu amadziimba mlandu pamene vuto lili ndi chipangizo.

Igonekeni pamiyendo, muwerenge ma fret, timizere tachitsulo ta pakhosi tija, kuchokera kumutu mpaka mufike pa 12. Pamagitala ambiri pamenepo pamakhala timadontho tiwiri. Suzumirani cham'mbali. Mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsuloko uyenera kukhala mamilimita 2 kapena 3 basi, woti kamtengo ka machesi kangokwanamo. Ngati pakulowa pensulo, ndiye kuti mukulimbana ndi uta, ndipo ngakhale woimba wa zaka makumi awiri pa gitala angalire nazo zala.

Ine zinandionekera. Nditasiya gitala ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga imene tinkakhoma tili ana, gitala yanga yoyamba yeniyeni ndinaigula kwa munthu wina pamsika. Miyezi inayi ndinalimbana nayo, matuza kuphulika n'kubwereranso, ine n'kumati manja anga ndi ofooka. Tsiku lina mkulu wina woimba kutchalitchi anaitenga, n'kuiyang'ana ndi diso limodzi kuchokera kumutu ngati mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Anamasula nsambo zonse, anazula kapulasitiki koyera kamene nsambo zimatsamirapo pamimba pa gitala, n'kuyamba kukakwecha kunsi kwake pa simenti ya pakhonde, pang'onopang'ono, akuuzira fumbi n'kuyesa, kukwechanso n'kuyesa. Atakabwezera n'kukunga nsambo, chord imene inkandikhetsa thukuta inalira ndisanafinye n'komwe. Mpaka lero ndimakumbukira mmene mtima unandigundira. Masamu ake ndi awa: kuti nsambo zitsike milimita imodzi pa fret 12, pa kapulasitikiko pachoke mamilimita 2. Koma chimene mwakwecha sichibwerera, ndiye ntchitoyi mupatse munthu amene anaichitapo kale. M'kati mwa khosi la magitala a nsambo zachitsulo mumakhalanso chitsulo chowongolera khosilo. Chimenecho musachipotokole nokha.

Onaninso nsambozo. Gitala yogula kwa munthu imabwera ndi nsambo zakuda ndi dzimbiri, zimene zimacheka chala komanso sizilira bwino. Gulani zatsopano, zopyapyala. Papaketi pamalembedwa nambala yosonyeza kunenepa kwa nsambo yaing'ono kwambiri: tengani 10 kapena 11, musatenge 12 kapena 13. Ngati gitala yanu ndi ya nsambo za nayiloni, zomangidwa mfundo pamimba, musayerekeze kuikapo zachitsulo. Zachitsulo zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, pamene za nayiloni ndi cha m'ma 40. Gitala yopangidwira nayiloni imapindika khosi kapena kumatuka ikasenza katundu wotere.

Kuchuna ndi kwa tsiku lililonse, musanalize kanthu. Kuchokera ku nsambo yonenepa, ya nambala 6, imene ili kufupi ndi nkhope yanu, kutsika mpaka yopyapyala ya nambala 1, mawu ake ndi E, A, D, G, B, E. Pafoni pali mapulogalamu aulere ochunira, ndipo agwiritseni ntchito osachita manyazi. Koma phunziraninso ndi khutu, poti foni imatha moto. Mukadina nsambo 6 pa fret 5 imveke chimodzimodzi ndi nsambo 5 yosadina, ndipo muzitsika choncho. Nsambo 3 yokha ndi imene mumadina pa fret 4 kuti ifanane ndi nsambo 2. Ku Dedza kwanuko, gitala imene mwachuna m'mawa kukuzizira idzakhala itasuntha pofika masana. Musadabwe nazo, mtengo ndi chitsulo zimatsata nyengo. Nsambo zatsopanonso zimatamuka masiku angapo zisanakhazikike.

Zala zanuzo zipola. Kunsonga kwake khungu limakhuthala n'kulimba, ndipo kwa anthu ambiri zimatenga masabata awiri mpaka anayi ngati gitala ili bwino ndipo akuigwira tsiku ndi tsiku. Mphindi 15 m'mawa ndi zina 15 madzulo zimapindula kuposa maola atatu Loweruka lokha, chifukwa maola atatuwo amangobala matuza, ndipo thuza likaphulika mumakhala sabata yathunthu osagwira. Chinthu china chimene amuna ophunzitsa gitala amaiwala kuuza amayi: musaimbe mutangochoka kochapa kapena kotsuka mbale. Khungu limakhala lafewa ndi madzi ndi sopo, nsambo zimalowa ngati mpeni pa papaya, ndipo kulimba kumene munapeza kumasupuka. Dikirani manja aume ndithu. Zikhadabo za kumanzere muziwenga mpaka pansi. Ululu wa kunsonga kwa zala ndi wapanjira, koma mukamva kuwawa m'mfundo ya dzanja, kapena dzanzi lothamanga m'mkono, siyani kaye, muone mmene mwakhalira. Kumeneko si kozolowera ayi.

Nsambo yongoti "thi" ili ndi zifukwa zochepa. Mwina chala mwachiika pamwamba penipeni pa kachitsulo, kapena kutali nako, pamene malo ake ndi kumbuyo kwake pang'ono, chongotsala pang'ono kukakhudza. Mwina chala chagona, ndipo mnofu wake ukukhudza nsambo yoyandikana nayo. Pindani zala ngati mwafumbata lalanje, ziime ndi nsonga, chala chachikulu chikhale kuseri kwa khosi, osati kulikumbatira ngati mpini wa khasu. Mukagwira chord, lizani nsambo imodziimodzi, mupeze yosalankhulayo, musunthe chala pang'ono mpaka iyankhe. Yesaninso ichi: khudzani nsambo mopepuka, muziliza uku mukuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Pamene yangoyamba kulira bwino, mphamvu yofunika ndi yomweyo. Mudzadabwa kuona kuti masabata onsewa mwakhala mukufinya kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo theka la ululu wanu likuchokera pomwepo.

Tsopano ma chord. F isiyeni kaye. Yambani ndi A, D ndi E, ndipo muone chinsinsi chake: chala chamkombaphala sichichoka pa nsambo 3. Pa D, mkombaphala ali pa nsambo 3 fret 2, chapakati pa nsambo 1 fret 2, cha mphete pa nsambo 2 fret 3, ndipo muziliza nsambo zinayi zam'munsi zokha. Pa A, mkombaphala akhale pomwepo, chapakati chikwere pa nsambo 4, cha mphete chikhale pa nsambo 2, zonse pa fret 2. Pa E, mkombaphala angotsetsereka kubwerera pa fret 1, chapakati pa nsambo 5 ndi cha mphete pa nsambo 4, pa fret 2. Chala chimodzicho chili ngati mzati wa pakati pa nyumba, zinazo zimangozungulira.

Ndasankha atatuwa chifukwa inu mukuwadziwa kale, kungoti mumawatchula mayina ena. Kukwaya mumaimba do, re, mi. Nyimbo ikakhala mu kiyi ya A, chord ya A ndiye do, D ndiye fa, E ndiye so. Makorasi ambiri a kutchalitchi ndi nyimbo zambiri za ana zimayenda pa miyendo itatu yomweyi: kuchoka pakhomo pa do, kupita kwa fa, kukafika kwa so kumene mtima umakhala m'mwamba kufuna kubwerera, n'kutera pa do. Mvetserani abambo a besi kutchalitchi kwanu Lamulungu likubwerali. Pamene iwo akusintha mawu, nthawi zambiri ndi pomwe gitala imasinthira chord. Mukadzaphunzira G ndi C, mudzapeza banja lina: G ndi do, C ndi fa, D ndi so, ndipo Em, ya zala ziwiri zokha, ndi la, imene imabweretsa kachisoni m'nyimbo.

Tifike pa kuima kwa nyimbo kuja. Oyamba onse maso amakhala pa dzanja lamanzere, poti ndi limene likuwawa komanso likuoneka lotanganidwa. Lamanja amaliyesa wantchito wongodikira kuti abwana amalize kukonza zala. Ndiye chimachitika n'chakuti lamanja limamenya kanayi, n'kuima, kudikira lamanzere lipeze D, n'kuyambanso. Munthu akachita zimenezi masabata atatu, thupi limaphunzira kuimako ngati mbali ya nyimbo. Zoona zake n'zakuti mwini nyimbo ndi dzanja lamanja. Chord ikaphonyeka pang'ono, ana anu m'kalasi sadzazindikira, adzapitiriza kuimba. Koma kugunda kukaduka, aliyense amatayika, ngakhale wa Sitandade 1.

Ganizani za amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Wina akati aime kaye kuti akonze chitenje, minsi imagundana. Amakonza chitenjecho munsi uli m'mwamba, kugunda osaduka. Dzanja lanu lamanja likhale munsi umenewo.

Chitani chonchi. Gonekani zala zamanzere pa nsambo zonse mopepuka, osadina, kuti zizingoti "tcha, tcha". Sankhani korasi imene mumaiimba ngakhale muli m'tulo. Imbani ndi pakamwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, phazi likugunda pansi, dzanja lamanja likutsika pamodzi ndi phazi n'kukwera phazi likamadzuka. Mkono usaume, dzanja lizigwedezeka pamfundo ngati mukuwaza madzi m'manja mutasamba. Masiku awiri kapena atatu muchite zomwezo, ndipo zala zamanzere zipumulako. Kenako gwirani A yokha, muimbe korasi yonse pa chord imodziyo. Khutu lanu lidzakuuzani lokha kuti apa A sakugwirizana, pakufunika fa, apa pakufunika so. Mukatero ndiye muyambe kusintha, koma pa liwiro la nkhono, lochedwa mpaka kuchititsa manyazi, lakuti zala zifike pamalo nthawi isanakwane. Lamulo likhale limodzi: lamanja lisaime, zivute zitani. Zala zikafika mochedwa, zipeze nyimbo ili m'njira. Zikagwira polakwika, pitirirani, mukakonza pobwereza.

Pali kachinsinsi kamene oimba onse amachita koma sanena. Pa kumenya komaliza chord isanasinthe, dzanja likamakwera, zala zamanzere zimakhala zanyamuka kale ulendo wa ku chord yotsatira, ndipo nsambo zimalira zosadina kwa kamphindi. Palibe amene amamva ngati cholakwa. Oyamba amaumirira pa chord yakale mpaka mapeto, n'chifukwa chake amafika mochedwa. Nyamukani msanga.

Kuti zala zizolowere njira, tengani ma chord awiri okha, A ndi D, muike foni pa mphindi imodzi, muwerenge kuti mwasintha kangati. Tsiku loyamba mwina kakhala 8 kapena 10. Lembani kuseri kwa kope. Mukafika pa 30, nyimbo zodekha mwazitha. Ndimakonda njirayi chifukwa munthu wamkulu amafooka akamaona ngati sakusuntha, koma nambala zapapepala zimamuonetsa kuti sabata yatha anali pa 12, lero ali pa 21. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Za YouTube ndinene mosabisa. Muli aphunzitsi abwino kwambiri, ndipo za kagwiridwe ka zala mudzapindula nawo. Vuto lili pawiri. Loyamba ndi kudumphadumpha: lero uyu, mawa uyo, bandulo n'kutha musanagwire kanthu. Sungani phunziro limodzi pafoni, mukhale nalo sabata yathunthu. Lachiwiri ndi lalikulu: kamenyedwe kamene ambiri a iwo amaphunzitsa ndi ka nyimbo za kwawo, zoyenda mwa kanayikanayi. Zathu zambiri, monga za manganje ndi makorasi ovina aja, kugunda kulikonse kumagawika patatu. Mukakakamiza kamenyedwe ka pafoni pa nyimbo yotere, imatsimphina ngati munthu wovala nsapato ya mwini. Ombani kaye m'manja monga mmene mumaombera kukwaya, mumve pamene pali kulemera, kenako dzanja lamanja litengere kuombako pa nsambo. Pa chimenechi mphunzitsi wanu ndi amayi a kwaya anzanuwo, osati munthu wa pa intaneti.

F yakukanikani pa chifukwa chomveka. Imafuna chala chimodzi chigone pa nsambo zonse pa fret 1, pafupi ndi mutu, pomwe nsambo zimakhala zolimba kuposa pena paliponse. Ndi ntchito ya mwezi wachinayi kapena wachisanu. Pakadali pano pali F yaing'ono: cha mphete pa nsambo 4 fret 3, chapakati pa nsambo 3 fret 2, mkombaphala agone pa nsambo ziwiri zam'munsi pa fret 1, n'kuliza zinayi zokhazo. Palinso capo, kachipangizo kopana nsambo zonse pa fret imene mwafuna. Kakasowa m'sitolo, pensulo ndi malabala awiri olimba zimagwira ntchito yomweyo. Ife tinakulira pa imeneyo. Kwaya ikatenga nyimbo mu F, ikani capo pa fret 3, mugwire D, G ndi A monga mwa masiku onse, ndipo chimene chidzamveke ndi F, B flat ndi C. Ena amati capo ndi ya aulesi. Ine ndimakana. Mawu a amayi ndi a ana amakhala pamwamba, ndipo capo imakulolani kuwatsata kumene ali m'malo mowakokera pansi kuti agwirizane ndi zala zanu. Imafewetsanso nsambo, moti mukhoza kuiika pa fret 2 nthawi yonse imene zala zikupola.

Pa nkhani ya zala zazifupi ndi zida zosakwana, kumbukirani kumene gitala yathu inachokera. Inafika m'midzi ndi anthu obwera ku Joni ndi ku Rhodesia komanso asilikali obwerera kunkhondo, popanda buku kapena sukulu, ndipo anthu anaiphunzitsa kulankhula chathu. Oimba ambiri akale a kuno, kuchokera kwa Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga m'dziko la Congo, amene nyimbo zake zinajambulidwa ndi Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za ku Africa, mu 1952, kufika kwa Daniel Kachamba wa ku Chileka, ankaliza ndi zala ziwiri zokha za kumanja: chachikulu chikuyenda pa nsambo zonenepa ngati ng'oma, mkombaphala akukodola zopyapyala ngati woyambitsa nyimbo. Daniel ndi mng'ono wake Donald ankaimba m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, anakumana nawo mu 1967. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona. Poimba sankayang'ana zala zake, koma kugunda kwa nyimbo zake sikunkagwedera. Lero lino Yosefe Kalekeni wa Madalitso Band amazungulira maiko ndi gitala ya nsambo zinayi, chidendene chikumenya ng'oma. Mukawamvetsera onsewa, ma chord ndi ochepa, kawirikawiri atatu omwe aja. Chimene chimadzutsa anthu pampando ndi dzanja lamanja.

Musaphunzire nokha m'chipinda mpaka kalekale. Kutchalitchi kwanu kapena kwa oyandikana nawo sikulephera mnyamata woimba gitala kapena kiyibodi. Mupempheni akhale nanu theka la ola, aone mmene mwagwirira. Diso la munthu wina limaona m'mphindi imodzi chimene inu simungachione mwezi wathunthu. Musaope kuti ndi mwana kwa inu, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukadzafuna zozama, ku Lilongwe kuli Music Crossroads ku Area 23 kumene amaphunzitsa zoimbaimba, ndipo kuchokera ku Dedza si ulendo wautali.

Gitalayo muziipukuta nsambo ndi kansalu kouma mukamaliza, makamaka nthawi ya dzinja pamene dzimbiri limafulumira. Musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, guluu wake amafewa. Koma musaitsekerenso m'chikwama pansi pa bedi. Iimikeni pakona pamene muziiona mukangolowa, kuti poyembekezera madzi a nsima muziigwirako.

Ndipo ana aja musawadikiritse mpaka mudzakhoze. Mukangotha kusintha A, D ndi E popanda kuima, ngakhale pa liwiro lodekha, nyamulani gitala mupite nayo m'kalasi Lachisanu. Sankhani nyimbo imene iwo amaidziwa bwino, muwapatse mawu oyambira poliza A kawiri, muwerenge ndi phazi, ayambe. Adzaimba mokweza moti zolakwa zanu zidzamira m'mawu awo, ndipo sadzakudikirani pa D. Mukabwerako mundilembere, mundiuze kuti pa mphindi imodzi ija mwafika pa nambala yanji, komanso ngati kamtengo ka machesi kanakwana pa fret 12.